Lekeleni ndi Mlezi Wake Changa

Kalekale, nkhalango zisanathe ndi makala, panali mtsikana dzina lake Ndaziona.

Yankhatu, Mtisunge. Ndikati kalekale, iwe uziti tilitonse. Usangondiyang'ana ndi maso ofiirawo. Nanunso akamwini, khalani pansi apa, lekani kuyasamula. Mwandiitana nokha ine azakhali anu kuti mwana sakugona, ndiye tcherani khutu.

Ndaziona anakwatiwa ndi mnyamata wina, Zuze. Pamudzi pawo minda inali itachepa, ndiye awiriwa anasamuka. Anapita kutali, m'mphepete mwa nkhalango, n'kukaswa mphanje. Anamanga kanyumba komweko. Kunalibe amayi, kunalibe apongozi, kunalibe ngakhale kamtsikana koti n'kukhala mlezi. Anali awiriwiri basi.

Mwana anabadwa. Wachisamba, wamkazi. Anamutcha Lekeleni.

Mvula inagwa, anadzala. Chimanga chinamera, udzu nawo unamera. Nthawi yopalira inakwana.

Ndaziona abereke mwana, awerame ndi khasu, mwana kulira. Amutsitse, amugoneke pamthunzi, mwana kulira. Amuyamwitse, agone pang'ono, khasu likangogunda mwala, mwana maso tong'o. Mzere umodzi unkamutengera m'mawa wonse.

"Udzu utidyera chimanga," anatero Zuze.

"Ndiye ndimutaye mwanayu?" anatero Ndaziona.

Pakati pa mundawo panali mtengo wa mlambe, wokhala ndi mphako yaikulu. Tsiku lina mwana akulira choncho, anamva mawu akuchokera m'mphakomo.

"Anthu inu, mulibe chisoni? Ena tikugona kuno."

Ndaziona khasu pansi! Kuti ayang'ane, kamutu katulukira pamphako, maso otsinzina chifukwa cha dzuwa. Anali Changa.

Changa umamudziwa iwe wokulira m'tauni? Ndi kanyama kam'mitengo. Maso aakulu, makutu aakulu, mchira wautali. Usana kamagona, usiku kamayenda.

"Pepani mayi," anatero Ndaziona. "Ndilibe mlezi."

"Mlezi ndine pano," anatero Changa. "Ine mwana ndilibe, manja angokhala. Bwera naye kuno ndimugoneke."

"Mumugoneka bwanji?"

"Monga timagonekera kwathu."

Mwamva? Ananena yekha, sanabise. Koma munthu akatopa makutu amatseka.

"Mpatse," anatero Zuze. "Mlezi waulere timupezanso kuti?"

Ndaziona anamasula nsalu, n'kumupereka mwana. M'mphakomo munali mdima bii, mozizira bwino, mopanda phokoso. Changa anayala masamba, anamufungatira, n'kuyamba kuimba:

"Tseka maso, dzuwa n'loipa,
tseka maso, kam'mphako.
Mwezi ukatuluka tidzuka,
tseka maso, kam'mphako."

Mwana ziii.

Koma ndiye analima tsiku limenelo! Makasu anali kungoimba. Mabere akadzaza, Ndaziona ankapita pamphako. Changa ankamutulutsira mwana ataphimba kumaso ndi tsamba. Mwana ayamwe ali mtulo, abwerere ali mtulo. Dzuwa litalowa, anamutenga n'kumapita kunyumba.

"Koma mlezi ndiye tapata," anatero Zuze.

Afika, adya, akuti agone. Mwana maso tong'o. Kuseka, kuponya timiyendo. Akamusiya, kulira. Zuze anamunyamula, anazungulira naye nyumba. Anasonkha moto kuti mwana aziona kuwala. Anatenga chisekese n'kumamuseweretsa. Mwana anagona tambala atalira.

M'mawa anapita kumunda akudzandira.

"Mpatse Changa msanga," anatero Zuze. "Tigwire ntchito, kenako nafenso tipumeko."

Anamupereka m'mamawa. Anakamutenga kutada. Atafika kunyumba, mwana maso tong'o.

Mawa lake chimodzimodzi. Mkuja chimodzimodzi. Usana kumphako, usiku m'manja. Munda unayera, koma Ndaziona anaonda. Zuze ankagona chiimire atatsamira khasu. Anayamba kulozana zala.

"Mkaka wako sukumukwana," anatero Zuze.

"Mwina inuyo munayenda ndi wina, mwana watsempheka," anatero Ndaziona.

Anamumanga kachingwe kamankhwala m'chiuno. Palibe chinasintha. Anamumwetsa madzi a mizu. Palibe chinasintha. Mphako ija sanaiganizireko n'komwe. Ankachita kuithokoza.

Choyamba anali maso. Tsiku lina Ndaziona akumusambitsa anaima.

"Bambo a Lekeleni, taonani maso a mwanayu. Akukula."

"Watengera kwanu," anatero Zuze.

Kenako manja. Madzulo ena kachiwala kanalowa m'nyumba, mumdima. Iwo sanakaone, anangokamva. Mwana dzanja mwamba, gwira! N'kuponya m'kamwa.

"Mayo!" Ndaziona anamukolowola m'kamwa, n'kutulutsa mwendo wa chiwala. Khanda loti kukwawa silinayambe n'komwe!

"Ndi wochenjera chabe," anatero Zuze.

Kenako makutu. Tsamba likagwa kunja, khutu la mwana linkatembenukira komweko, palokha, mutu uli phee. Ndaziona anaona. Zuze anaona. Palibe anauza mnzake.

Ndiye m'mawa wina, kutangocha, Ndaziona anapapasa pamphasa. Mwana palibe. Anavundukula nsalu. Palibe. Kuyang'ana chitseko, chotseka monga anachitsekera.

"Mwana wanga! Zuze, dzukani, mwana wanga!"

Zuze anadzambatuka, anatenga mkondo. Akuti atsegule chitseko, anamva kakuseka pamwamba pawo. Anakweza maso.

Lekeleni anali kudenga. Anali lende paphaso, wagwira ndi manja ndi mapazi omwe, mutu pansi, akuwayang'ana ndi chimaso.

Zuze anangokhala pansi. Ndaziona anakwera pamtondo, anamumatula chala chimodzichimodzi, n'kumutsitsa. Kuti amutembenuze, kumsana kuli ubweya wotuwa. Kumunsi kwake, kamchira. Kakafupi, ngati chala chaching'ono, koma kakugwedezeka.

Ndaziona anakuwa mpaka mbalame zinabalalika m'mitengo.

Ee, gwira pakamwa, Mtisunge. Ngakhale ine ndikamafika pamenepa thupi limachita tsembwe.

Anathamangira kumlambe onse awiri, mwana ali m'manja.

"Changa! Tulukani! Mwamuchita chiyani mwana wanga?"

Changa anasuzumira akuyasamula. "Ndamulera. Unati agone, wagona."

"Ali ndi mchira!"

"Wokongola. Ukula."

Zuze anakweza mkondo.

"Ndibaye," anatero Changa, "mchirawo sugwa. Ine sindinamube. Munkabwera naye nokha, tsiku ndi tsiku, mukuomba m'manja. Ndamuphunzitsa zomwe ndimadziwa. Tsopano usana ndi usiku wake, usiku ndi usana wake. Ameneyo ndi wathu."

"Si wanu!"

"Tiona. Mwezi ukadzakhala wathunthu, ife achanga tikusamuka, tikupita kunkhalango ya kutsidya. Ndidzabwera kudzamuitana. Akadzakhala m'maso, adzandiyankha, adzanditsata, ndipo chitseko sichidzamuletsa. Akadzakhala mtulo, ndi wanu."

Anatero Changa, n'kubwerera mumdima mwake.

Mwezi unali utangooneka kumene, wowonda.

Anabwerera kunyumba. Anakhala pakhonde. Ndaziona kulira, Zuze kugwira tsaya. Mwana anali atabisa nkhope m'khwapa mwa amake, kuthawa dzuwa.

Pabwalopo panadutsa thadzi lawo ndi anapiye ake. Linaima, linawayang'ana ndi diso limodzi.

"Mwalira mokwana?" linatero Thadzi.

"Nawenso nkhuku, tisiye," anatero Zuze.

"Ndikusiyani. Koma tandiuzani. Chikhalire ine pakhomo pano, munamvapo mwanapiye wanga akusewera pakati pa usiku?"

Ndaziona anapukuta misozi.

"Mumatani, mayi?" anafunsa Ndaziona.

"Mankhwala ndilibe," linatero Thadzi. "Kukacha ndimatuluka nawo, aone dzuwa. Tiyende, tipalase, amve phokoso. Akatopa masana amalowa m'mapiko mwanga, agone pang'ono, pabwalo pomwepa. Kenako ndimaimirira, nawo adzuke. Dzuwa likafiira timalowa. Khomo lomwelo, pogona pomwepo, kulira kwanga komweko. Lero, mawa, mkuja, osasintha. Mumdima sindicheza nawo. Wina akadzidzimuka ndimangomukhudza ndi phiko."

"Basi?"

"Basi. Koma masiku oyambirira mulira nonse atatu."

Linatero Thadzi, n'kupitiriza kupalasa.

Ndaziona anaimirira pomwepo. Anabereka mwana, mutu pamtunda, n'kupita naye kuchitsime. Mwana analira, analira, dzuwa likumulasa m'maso. Amake anamuika pamthunzi, koma m'nyumba sanamulowetse. Anasinja naye kumbuyo. Anatsuka miphika akuyankhula naye. Atatopa, mwana anagona kumsana komweko, munsi ukugunda. Dzuwa litayamba kupendeka, amake anamutsitsa n'kumudzutsa.

Mukuganiza zinali zophweka? Kudzutsa mwana amene wangogona kumene, iwe mwini tulo tili m'maso? Ndaziona anamudzutsa akulira iye mwini.

Dzuwa linafiira. Nkhuku zinalowa. Ndaziona anatenthetsa madzi, anamusambitsa. Anamudzoza mafuta a nsatsi. Anamuyamwitsa. Zuze anakwirira moto ndi phulusa, m'nyumba munada. Ndaziona anamugoneka chagada, nkhope pamtunda yosafunditsa, n'kuyamba kuimba motsitsa:

"Nkhuku zalowa, Lekeleni,
mbalame zalowa, Lekeleni.
Khasu lagona pakhomo,
nawe gona, Lekeleni."

Anagona? Aaa, agone kuti! Analira mpaka mawu anasasa. Anatambasulira timanja kudenga. Zuze anapapasa chisekese chija, Ndaziona anamumenya padzanja.

"Siyani. Mumdima sitisewera."

Akamva njala, amake ankamuyamwitsa mumdima momwemo, osayankhula, osasonkha moto, n'kumubwezera pamalo pake. Akalira kwambiri, ankamunyamula, kumusisita kumsana, akatonthola n'kumugonekanso.

Kunacha. Anatuluka naye padzuwa. Kunada. Madzi, mafuta, bere, nyimbo, mdima.

Kunacha. Padzuwa. Kunada. Madzi, mafuta, bere, nyimbo, mdima.

Udzu unabwereranso m'munda. Zuze anaima, anauyang'ana, ulendo uno anangousiya. Masana ankabwerako msanga, n'kutenga nsalu, n'kubereka mwana kuti mkazi wake agoneko.

Mwamva akamwini? Anabereka mwana, ndevu sizinathothoke. Musayang'ane kumbali, ndikunena inu.

Mwezi unkakula. Ubweya uja unayamba kutsalira pansalu. Makutu analeka kugwedezeka. Mwana anayamba kutsegula maso padzuwa, kuyang'ana anapiye. Kamchira kanafota, koma kugwa ayi. Madzulo ena ankagona nyimbo isanathe. Madzulo ena ankakana. Tsiku loti mawa mwezi ukhala wathunthu, anakaniratu, anachezera kuyang'ana kudenga.

"Titsekere denga ndi minga," anatero Zuze.

"Anati chitseko sichimuletsa. Minga ndiye imuletse?" anatero Ndaziona.

"Ndiye tithawe naye."

"Tithawire kuti kopanda mwezi?"

Tsiku lija linafika. Ndaziona sanasinthe kanthu. Chitsime chomwecho, mtondo womwewo, kugona pang'ono kumsana, kudzutsidwa dzuwa likupendeka. Dzuwa linafiira, nkhuku zinalowa. Anamusambitsa. Anamudzoza. Anamuyamwitsa. Moto anakwirira. Anaimba.

Kum'mawa mwezi unatuluka, waukulu, wofiira. Kuwala kunalowera m'ming'alu ya chitseko.

Maso a Lekeleni analemera. Anatsegula. Analemeranso. Anatseka. Amake anamugoneka chagada, pang'onopang'ono.

Padenga tswa, tswa, tswa. Udzu unalira. Kenako mawu aja:

"Tsegula maso, dzuwa lafa,
tsegula maso, kam'mphako.
Mwezi watuluka, tiye,
tsegula maso, kam'mphako."

Mwana anagwedezeka. Kamutu kanatembenukira kudenga. Kamlomo kanatseguka, kakuti nyee.

Zuze anadumpha kuti amunyamule, amufinyire pachifuwa. Ndaziona anamugwira mkono. Akanamunyamula, bwenzi atamudzutsa. Ndaziona anangotambasula dzanja lake, n'kuika chikhatho pachifuwa cha mwana. Anangong'ung'udza nyimbo ija m'mphuno.

Changa anaitananso. Tizala ta mwana tinafumbata, tinatambasuka.

Changa anaitananso, mokweza. Mwana anausa moyo, anaponya chala m'kamwa, n'kuyamba kuyamwa.

Padenga ziii.

Anadikira. Anadikira. Zuze anayamba kupuma.

Mwadzidzidzi, kunja, kuseri kwa nyumba: ng'aaa! ng'aaa! Kulira kwa mwana. Osati mwana wina ayi. Mawu a Lekeleni enieni, ndi kusasa kwake komwe. Ng'aaa! Akupita cha kunkhalango.

"Wapita!" anatero Zuze motsitsa mawu, ali kale pachitseko. "Wamutenga!"

Ndaziona mkaka unatuluka wokha. Miyendo inkafuna kuthamanga. Koma chikhatho chake chinali pomwe paja, ndipo pansi pake kachifuwa kankakwera, kutsika, kukwera, kutsika.

"Musatsegule," ananong'ona. "Ali pano."

"Nanga akulirayo ndani?"

Anali Changa. Mwana amene anamufungatira masiku onse aja sanamuyankhe. Changa anatsika padenga manja ali chabe. Atati alire, kulira kwake kwakale kunakana kutuluka. Kunatuluka kwa mwana. Anapita akulira choncho, mtengo ndi mtengo, mpaka kutsidya.

Ine Changa ameneyo ndimamumvera chisoni, ndinene zoona. Sanali mfiti. Anangolera monga analeredwera. Mpaka lero ukagona pafupi ndi nkhalango udzamumva, udzaganiza kuti wina wataya khanda m'tchire.

Kunacha. Ndaziona ndi Zuze sanagone, koma mwana anagona mpaka nkhuku zinatuluka. Atamunyamula, pamphasa panatsala kanthu kouma, kakuda, ngati mchombo ukagwa. Anamutembenuza. Kumsana see. Zuze anatsegula chitseko, dzuwa linalowa, Lekeleni analiyang'ana n'kuseka.

Ndiye imvani, ana inu. Mwana sabadwa akudziwa usana ndi usiku. M'mimba munali mdima wokhawokha. Womuuza ndinu. Usana aone kuwala, amve anthu akuyankhula, mbale zikugundana. Agone masana, inde, khanda limagona pafupipafupi, koma agone poyera, osati kuchigonera mpaka dzuwa kulowa. Madzulo muchite zomwezo, nthawi yomweyo, tsiku ndi tsiku. Usiku akadzuka, bere mumdima, osamuseketsa. Akati nyee, musathamangire kumunyamula, yambani mwadikira. Akatentha thupi kapena kukana bere, imeneyo ndi nkhani ina, thamangani naye kuchipatala. Koma mwana wabwinobwino, woyamwa, wonenepa, musamunamizire ufiti.

Tsono ndikufunseni. Dzuwa ili lapendeka kale. Chibwerere ine sindinamve ngakhale kutsokomola kwake. Mdzukulu wanga ali kuti?

Kuchipinda? Chigonere m'mawa?

Tayankhula mokweza, Mtisunge. Wati chiyani? Wapachika bulangeti pazenera? Wailesi mwazimitsa? Ndiye n'chifukwa chake akamwini akuyenda monyang'ama pakhomo pawo pomwe? Kuti iwe uchape bwino matewera?

Mayo ine! Anthu inu! Ndaziona anachita kuipeza mphako m'munda. Inu mwaimanga nokha, ndi simenti!

Nthano yanga ndiyo yathera pomwepo, koma inu musakhale pansi. Akamwini, kachotseni bulangetilo. Iwe thamanga ukamutenge. Ndipo usanabwere naye kuno, umutembenuze kaye, undiuze zomwe waona kumsanako.